Oimba a WITCH ndi Moto Umene Unazirala

Mu 1975 anyamata a ku Kitwe ochedwa WITCH anaturutsa mbale ya Lazy Bones!!, ndipo magitala ao anamveka pa wailesi kucokera ku migodi kufikira ku Chipata. Koma mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zinasowa, ndipo eni mabawa anayamba kuliza mbale za disko m'malo molemba oimba. Jagari Chanda, wotsogolera nyimbo, anacoka nakakhala mphunzitsi. Otsalawo anatsata disko, naturutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Ena mwa okonda nyimbo zakale anadandaula kuti moto wazirala, naiwala kuti woimba nayenso ali ndi ana ofuna nsima. Mu 2023 Jagari anautsanso maimbidwe akalewo ndi mbale ya Zango.