Mmene Photoshop Inasandukila Nyumba ya Lendi

Pamene ndinali mwana, m'komboni mwathu munali kubwela amdala ena ojambula zithunzi. Anali kufika pa Sande masana, anthu akali m'zovala za ku chalichi, kamela ili lende pakhosi, cikwama ca zithunzi atamangilila kumbuyo kwa njinga. Unali kulipila theka la ndalama, akujambula, ndiyeno uyembekezela mlungu wathunthu kuti akatsukitse filimu m'tauni. Cithunzi cikabwela utatsinzina, n'cako comweco. Kamelayo inali yawo. Anaigula kamodzi, ndipo panalibe munthu wogogoda pacitseko pa mapeto a mwezi kudzawauza kuti alipile kuti ipitilize kugwila nchito.

Amdalawo ndinawakumbuka temu yatha, n'takumana ndi mnyamata amene ndinam'phunzitsa History mu Grade 12. Masiku ano ajambula zithunzi pa ma kitchen party, pa cilanga mulilo ndi pa maukwati. N'tamufunsa za nchito anaseka, nati: "Ba Sir, manje nilipila lendi ziwili, ya nyumba na ya pulogilamu yokonzela zithunzi. Kodi vinali so kuyambila kudala?" Sizinali conco. Pali tsiku limene zinasintha, ndipo nkhani yake inacitikila ku America, koma yafika mpaka m'thumba mwa mnyamata wa m'komboni.

Abale awili ndi kompyuta imodzi

Mu 1987, Thomas Knoll anali wophunzila pa University of Michigan. Analemba kapulogilamu koonetsa zithunzi pa kompyuta ya Macintosh Plus, imene sikilini yake inali kuonetsa zakuda ndi zoyela cabe. Anakacha Display. Mng'ono wake John, amene anali kugwila nchito ku Industrial Light & Magic, kampani yopanga zozizwitsa za m'mafilimu, anaona kuti kanthuko kangakule. Awiliwa anagwilizana, nakawonjezela zida zosinthila kuwala ndi mitundu ya cithunzi. Makope oyamba, pafupifupi 200, anagulitsidwa pamodzi ndi makina ojambulila zithunzi za pa filimu a kampani ya Barneyscan. Kenako kampani ya Adobe inatenga cilolezo cogulitsa pulogilamuyo, ndipo mu February 1990 Photoshop 1.0 inatuluka. Mu 1995 Adobe inaigulilatu kwa abalewo pa madola 34.5 miliyoni.

Kwa zaka zopitilila 20, kagulidwe kake kanali kosavuta kumva. Unali kugula bokosi, mkati muli madisiki ndi nambala yako. Mwa lamulo unali kugula cilolezo cabe, koma cilolezoco cinalibe tsiku lothela. Photoshop CS6, imene inatuluka mu 2012, inali pa madola 699. Amene anali ndi yakale anali kulipila madola 199 kuti atenge yatsopano. Apa m'pamene panali mphamvu ya wogula. Yatsopano ikatuluka koma osaona cacilendo m'menemo, unali kuilumpha, ndalama zako zili m'thumba, yakale ikali kugwila nchito. Kampani inafunika kukukopa nthawi iliyonse.

Tsiku la 6 May 2013

Pa tsikuli, pa msonkhano wake wochedwa Adobe MAX ku Los Angeles, kampaniyo inalengeza kuti CS6 ndiyo yothela kugulitsidwa mwa njila yakale. Zatsopano zonse zidzapezeka mu Creative Cloud, polipila mwezi ndi mwezi: madola 49.99 pa mapulogilamu onse, kapena madola 19.99 pa pulogilamu imodzi. Ukaleka kulipila, pulogilamu nayo ileka kutseguka.

Adobe inali ndi zifukwa zake. Inati anthu sadzayembekezanso caka ndi theka kapena zaka ziwili kuti aone zida zatsopano, cifukwa zidzayamba kubwela zikangokonzedwa. Inatinso anthu pafupifupi 500,000 anali atayamba kale kulipila mwa njila imeneyi modzifunila. Cifukwa cina cinali ca malonda. Kale ndalama zinali kubwela mwa cigumula pulogilamu yatsopano ikatuluka, kenako n'kuphwa. Lendi imabwela mwezi uliwonse, ndipo eni kampani amadziwilatu zimene adzapeza caka camawa.

Anthu a nchito zosiyanasiyana anadandaula, koma ojambula zithunzi ndiwo anakuwa kwambili. Wophunzila wina wa ku America, amenenso anali wojambula, anayambitsa cikalata codandaula pa Change.org, ndipo anthu masauzande makumi angapo anasaina. Madandaulo awo anali atatu.

Loyamba linali la masamu. Wojambula zithunzi sanali kufuna mapulogilamu a mavidiyo kapena opangila magazini. Anali kufuna Photoshop cabe. Madola 19.99 pa mwezi ndi pafupifupi madola 240 pa caka. Amene kale anali kulipila madola 199 pa zaka ziwili anaona kuti mtengo wawilikiza kawili ndi kupitilila. Ngakhale woyamba kumene, pa zaka zitatu anali kudzapeleka madola 720, kuposa mtengo wa bokosi, koma m'manja mulibe kanthu.

Laciwili linali la mafaelo, ndipo ndi limene ine ndiona kuti linali lolemela. Wojambula akamakonza cithunzi mu Photoshop amasunga nchito yake m'magawo osanjikizana, kuti mawa akathe kubwelela n'kusintha cimodzi osawononga zina. Faelo yotelo imatseguka bwinobwino mu pulogilamu imene inaipanga. Anthu anafunsa kuti: ndikadwala, ndikapuma pa nchito, kapena malonda akavuta n'kulephela kulipila, nanga nchito yanga ya zaka zonsezi ndidzaitsegula ndi ciyani? Aliyense amene anaonapo alandilodi akukhoma loko pacitseko katundu ali mkati adziwa mantha amenewa.

Lacitatu linali la cikhulupililo. Lelo lendi ndi iyi, nanga ikakwela mawa, onse atazolowela ndipo kulibe kothawila?

Kampani inamva, koma sinabwelele

Mapulogilamu atsopanowo anatuluka pa 17 June 2013. Pasanapite masiku awili, akatswili oba mapulogilamu anali atathyola kale loko wa Photoshop CC n'kuimwaza pa intaneti. Amene anali kuganiza kuti lendi idzathetsa kuba anaona kuti sizili conco.

Mu September caka comweco Adobe inatsitsa mtengo kwa ojambula zithunzi: Photoshop ndi Lightroom pamodzi pa madola 9.99 pa mwezi. Poyamba mwayiwu unali wa okhawo amene anagulapo CS3 kapena zobwela pambuyo pake, koma mu June 2014 unatsegulidwa kwa onse. Masamu anasintha. Madola 120 pa caka atanthauza kuti pangapite zaka pafupifupi 6 kuti ufike pa mtengo wa bokosi lija. Caka comweco ca 2014 anakonzanso Lightroom kuti munthu akaleka kulipila azitha kuona ndi kutulutsa zithunzi zake, ngakhale kuti mbali yokonzela imatsekedwa. Zinthu ziwilizi zinabwela cifukwa ca phokoso lija. Kudandaula kunathandiza pa mtengo ndi pa loko, koma lendi yokha sinacoke.

Mu October 2013 panagwanso tsoka lina. Mbava za pa intaneti zinalowa m'makompyuta a Adobe. Poyamba kampaniyo inati makasitomala 2.9 miliyoni ndiwo akhudzidwa, kenako inavomeleza kuti ndi 38 miliyoni. Kwa anthu amene anali atangouzidwa kuti apeleke manambala a makhadi awo a ku banki kuti azidulidwa mwezi ndi mwezi, nkhaniyi inawawa.

Ngakhale zinali conco, anthu analipila. Pofika kumapeto kwa 2013 olipila anali atapitilila 1.4 miliyoni. Ndalama zolowa m'kampani zinatsika pang'ono, kucoka pa madola 4.4 biliyoni mu 2012 kufika pafupifupi 4.1 biliyoni mu 2013, koma mu 2023 zinafika 19.4 biliyoni. Lightroom 6, ya mu 2015, ndiyo inali yothela kugulitsidwa kamodzi n'kamodzi. Mu 2017 CS6 inacotsedwa pa msika, ndipo khomo lakale linatsekeka.

Kodi odandaula aja ananama?

Monga mphunzitsi wa History, ndimauza ana kuti munthu akalosela, uziyembekeza zaka zipite kuti uone. Pa nkhani ya mtengo, mantha awo sanakwanilitsidwe msanga, cifukwa madola 9.99 aja anakhala osasintha kwa zaka zopitilila 10. Koma pa funso lakuti mwini weniweni ndani, zocitika zinawavomeleza.

Mu May 2019 Adobe inalembela makasitomala ena kuti alibenso cilolezo cogwilitsa nchito mapulogilamu ena akale a Creative Cloud, ndi kuti akapitiliza angathe kuimbidwa mlandu ndi makampani ena. Mu October caka comweco, boma la America litaika ziletso pa boma la Venezuela, Adobe inauza makasitomala onse a m'dzikolo kuti maakaunti awo adzatsekedwa pa 28 October. Wojambula maukwati wa ku Caracas, amene sanalowepo m'ndale, anali pafupi kutaya cida cake cifukwa ca mkangano wa maboma awili. Pa mapeto pake kampaniyo inapatsidwa cilolezo copitiliza, koma dziko lonse linaona kuti cida ca lendi cingathe kuzimitsidwa kucokela kutali. Bokosi la CS6 lokhala pa shelefu silikanazimitsidwa motelo.

Mu June 2024 boma la America linatengela Adobe ku khoti. Linati kampaniyo sinali kuonetsa poyela kuti amene wasankha pangano la caka lolipila mwezi ndi mwezi, akafuna kuleka pakati, amalipitsidwa theka la ndalama za miyezi yotsala. Adobe inakana mlanduwo.

Mkwiyo wa mu 2013 unatsegulanso msika kwa ena. Mu 2015 kampani ya Serif ya ku Nottingham, ku England, inatulutsa Affinity Photo, yogula kamodzi pa madola pafupifupi 50, ndipo inakopa ambili amene anakana lendi. Ena anapita ku GIMP, pulogilamu yaulele imene ophunzila awili a ku Berkeley anaiyamba mu 1995, kapena ku darktable, yaulelenso.

Nanga ife kuno?

Pano ndiyenela kunena zoona zimene odandaula a ku America sanali kuziona. Iwo anali kulila bokosi limene anali nalo. Mnyamata wa ku Kanyama kapena ku Chawama sanakhalepo nalo. Mu 2013, kwacha itangocotsedwa mazilo atatu, dola imodzi inali pakati pa K5 ndi K6. Madola 699 anali ndalama zopitilila K3,500, zolipila nthawi imodzi. Ambili amene anaphunzila Photoshop m'makomboni anaiphunzilila pa makope othyoledwa, ndipo tonse tidziwa zimenezi. Kwa iwo, madola 9.99, amene panthawiyo anali pafupifupi K55, ndiwo anali khomo loyamba lolowela mwa lamulo.

Koma lendi ya m'madola ili ndi mano ena. Mu 2015 dola inapitilila K12. Mu 2021 inapitilila K22, ndipo mu 2024 inapitilila K27. Madola 9.99 omwewo anafika pafupifupi K270. Wa ku America anaona mtengo uli ciimile kwa zaka 10, pamene wa ku Lusaka unamukwelela kasanu, kampani isanawonjezepo ngakhale senti imodzi. Pamwamba pa izo afunika khadi ya ku banki yolipilila kunja, ndi intaneti kuti pulogilamu izitsimikizila nthawi ndi nthawi kuti walipila. Mwezi wa January, pamene maukwati acepa ndipo aliyense ali pa ndalama za sukulu, lendiyo siicepa.

Nkhaniyi si yacilendo m'mbili ya zithunzi. Mu 1888 George Eastman anayamba kugulitsa kamela ya Kodak pa madola 25, muli filimu ya zithunzi 100. Ikatha unali kutumiza kamela yonse ku fakitale, ulipila madola 10, akutsukila zithunzi n'kuikamo filimu ina. Amdala aja a pa njinga nawonso anali kugula filimu ndi kulipila otsuka mlungu uliwonse. Wojambula wakhala akulipila kampani ina yake nthawi zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti amdalawo akasowa ndalama anali kungoleka kujambula zatsopano, koma manegetivi a zakale anali m'cikwama mwawo, ndipo situdiyo iliyonse m'tauni inali kutha kuwatsukila.

Izi n'zimene ndinauza mnyamata wanga uja titakhala pansi. Sindinamuuze kuti aleke kulipila, cifukwa cidaco cimamudyetsa, ndipo kope yothyoledwa ingamubweletsele mavailasi ndi milandu. Ndinamuuza kuti awelenge pangano asanadinize batani, makamaka mbali yonena za kuleka pakati pa caka. Awelengele lendi ya caka conse m'makwacha n'kuigawa pa maukwati amene amajambula, kuti ilowe mu mtengo umene amauza makasitomala. Mafaelo oyambilila ocoka mu kamela aziwasunga pa hadi dilaivi yake, ndipo cithunzi ciliconse comalizidwa azicisunganso mu TIFF kapena JPEG, zimene pulogilamu iliyonse imatsegula. Aphunzilenso pulogilamu ina yaulele, ngakhale imodzi, kuti tsiku lovuta likafika asaimitse nchito.

Inunso amene mukonza zithunzi pa foni, mudzaona kuti tumaapu tambili tsopano tufuna ndalama mlungu kapena mwezi uliwonse. Musanavomele, dzifunseni funso limene ojambula anafunsa mu May 2013: ndikaleka kulipila, cidzatsala m'manja mwanga n'ciyani? Kwathu, cithunzi cimene amdala aja anatijambula pa Sande ina cikali pa khoma kwa amayi. Mng'ono wanga anatsinzina, ndipo mpaka lelo timamuseka.