Khoswe wa Pamkhate

M'mwezi wa Meyi 1970 dziko la Malawi linalandira mlendo amene atsogoleri ambiri a mu Africa sakanafuna ngakhale kumugwira chanza. Mlendoyo anali a John Vorster, nduna yaikulu ya dziko la South Africa. Chaka chotsatira, mu Ogasiti 1971, Ngwazi Dr. Kamuzu Banda anabwezera ulendowo, ndipo anakhala pulezidenti woyamba wachikuda kulandiridwa mwaulemu wa boma m'dziko la tsankholo. Zoti a Vorster ankapondereza anthu akuda aliyense ankadziwa. Koma mbiri ya mkuluyu ili ndi tsamba lina limene kwathu kuno silitchulidwa kawirikawiri, ndipo ndi limene ndafuna kuti tiliwerengere pamodzi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, boma la South Africa linasankha kumenyana ndi Adolf Hitler. Azungu ena a Chibunu sanakondwe nazo. Iwo anali m'gulu lotchedwa Ossewabrandwag, lomwe linkafunira Germany chipambano, linkadana ndi Ayuda, ndipo anyamata ake ena ankadula mawaya a lamya ndi kuphulitsa katundu wa boma. A Vorster, amene panthawiyo anali loya wachinyamata, anakwera mpaka paudindo wa jenerale m'gululo. Mu 1942 boma linawatsekera kumsasa wa Koffiefontein ndipo anatuluka mu 1944. M'zaka zomwezo Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa ku Ulaya. M'zaka zomwezonso anyamata a Nyasaland, a ku Mzimba ali momwemo, anavala yunifolomu ya King's African Rifles n'kukamenyana ndi abwenzi a Hitler ku Ethiopia ndi ku Burma.

Amene a Vorster anawalowa m'malo mu 1966, a Hendrik Verwoerd, nawonso anali ndi mbiri yofananayo. Mu Okutobala 1936 sitima yapamadzi yotchedwa Stuttgart inafika ku Cape Town ndi Ayuda oposa 500 othawa nkhanza za ku Germany. A Verwoerd, ali mphunzitsi pa yunivesite ya Stellenbosch, anali m'gulu la amene anaimirira n'kunena kuti anthu oterewa asalandiridwe. Mu 1937 boma linakhazikitsa lamulo lotsekera Ayuda ambiri khomo. Choncho anthu amene anamanga tsankho la apartheid anali atazolowera kale kuweruza munthu poyang'ana mtundu wake.

Kodi a Kamuzu sankazidziwa izi? Munthu amene anakhala ku Britain nthawi yonse ya nkhondoyo sakanalephera kudziwa tanthauzo la dzina la Hitler. Komanso tisawanamizire: iwo sankadana ndi Ayuda. Akatswiri a ku Israel ndiwo anathandiza kuphunzitsa a Malawi Young Pioneers, ndipo mu 1973, maiko ambiri a mu Africa atathetsa ubale ndi Israel, Malawi anakana kutero. Chimene a Kamuzu ankanena n'choti dziko lathu ndi losauka, lopanda doko, ndipo kunyanyala sikungasinthe mtima wa Mbunu koma kukambirana. Ubale wa ukazembe unayamba mu 1967. Ngongole ya marandi 8 miliyoni yoyambira kumanga likulu ku Lilongwe inachokera ku Pretoria, monganso ndalama za njanji yolumikiza dziko lino ndi doko la Nacala.

Mkwiyo unabwera kuchokera mbali zitatu, ndipo mbali iliyonse inali ndi mawu ake. Kunja, maiko a mu bungwe la OAU anadzudzula poyera. Pamsonkhano wa ku Addis Ababa mu Juni 1971 maiko ambiri anakana maganizo okambirana ndi boma la tsankho, ndipo Malawi anali mwa ochepa amene anatsalira mbali inayo. A Kamuzu anawayankha kuti ndi achiphamaso, odzudzula masana koma ogula katundu wa ku South Africa usiku. Ku South Africa komweko, Mabunu ouma mitu a chipani cha a Albert Hertzog anafalitsa chithunzi cha a Vorster atakhala paphwando pakati pa amayi awiri a ku Malawi, n'kumati mtsogoleri wawo wagulitsa mtundu.

Mbali yachitatu ndi yathu, ndipo ndi imene inalibe pakamwa. Amene akanayankhula anali atachoka kale. Pa mkangano wa nduna wa mu Seputembala 1964, imodzi mwa nkhani zimene zinagawanitsa a Kamuzu ndi anzawo inali yoyanjana ndi maboma a azungu otizungulira. A Kanyama Chiume ndi a Orton Chirwa anachotsedwa, pamodzi ndi Mayi Rose Chibambo, mwana wa boma lino la Mzimba, amene anakhala kunja mpaka 1994. Pofika 1970 munthu wofunsa kuti mlendoyu ndani akanagona kundende popanda mlandu. Wolemba mbiri asayese kuti kukhala chete kumeneko kunali kuvomera.

Komabe mantha okha sangafotokoze zonse, makamaka kuno kummwera kwa Mzimba. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mkhate wathu unali Joni. Kuyambira ku Jenda, Embangweni, Edingeni mpaka ku Mabilabo, ndi mabanja ochepa amene analibe bambo, malume kapena mlongo kumigodi kapena m'makhitchini a azungu. Ena ankapita kudzera ku Wenela, ena paokha, ulendo umene ankautcha selufu. Malata, njinga, wayilesi, ng'ombe za lobola ndi fizi ya ana zinkachokera kumeneko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mayi wodikira ndalama papositi ofesi pa Mzimba boma akanatukwana bwanji ubale umene unkadyetsa ana ake? Ndipo n'zowawa kukumbukira kuti Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu 1835 kuchokera kummwera komweko, zidzukulu zawo zinkabwerera kudziko la makolo ndi chitupa cha mlendo, n'kumagona m'makomponi.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kwawo anafera pomwepo. A Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi mpaka 1977, koma ubale wa maboma awiriwo sunagwedezeke. Mu Epulo 1976 a Vorster anakacheza ku Israel, nakaika nkhata ya maluwa ku Yad Vashem, malo okumbukira Ayuda ophedwa ndi Hitler. Anthu ambiri, Ayuda ali momwemo, anaipidwa kuona munthu wa ku Koffiefontein ataima pamalo amenewo. Apa tikuona kuti si Malawi yekha amene anatseka diso limodzi chifukwa cha phindu.

Ine ndimaona kuti mtengo weniweni wa ubwenzi umenewu sunali kunyozedwa ku Addis Ababa. Unali chizolowezi choona gulu lonse la anthu likulangidwa ife n'kumati sizikutikhudza. Mu 1967 a Mboni za Yehova analetsedwa, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia nyumba zawo zitatenthedwa. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kukagwira ntchito kuchigawo cha kwawo, ndipo a kumpoto ambiri anapakira katundu m'malole kubwerera kuno. Izi tinadzichitira tokha, a Vorster sanatitume. Koma dziko limene silinaloledwe kufunsa za mlendo wake silikanathanso kufunsa za mnansi wake.

Pakamwa panatseguka ndi kalata ya maepisikopi a Katolika pa 8 Malichi 1992, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu anasankha zipani zambiri. Kuyambira pamenepo tili ndi ufulu umene makolo athu analibe mu 1970: mtsogoleri akatibweretsera bwenzi la thumba lolemera, tingathe kufunsa kuti mkuluyu anali kuti, ankayenda ndi yani, ndipo ankati chiyani za anthu a mtundu wina. Ana a sukulu a ku Embangweni ndi ku Edingeni ayenera kuphunzira za likulu la Lilongwe pamodzi ndi za sitima ya Stuttgart, pakuti ziwirizi ndi mbiri imodzi.