Xenon si mafuta

Wophunzira akamva kuti chombo cha Dawn, chimene NASA inatumiza m'mlengalenga mu 2007, chinanyamula makilogalamu 425 a gasi wotchedwa xenon, amafunsa kuti mafuta amenewa amayaka bwanji kumalo kopanda mpweya. Chamusokeretsa ndi liwu lathu lomwe. Pa nkhani za injini, mafuta ndi chinthu chimene chimapsa, ndipo pa roketi wamba liwuli limakwana: haidrojeni ndi okosijeni zikayaka zimapereka mphamvu, nthunzi yake yomweyo n'kutulukira kumbuyo pa liwiro la makilomita pafupifupi 4.5 pa sekondi. M'chokankhira chamagetsi cha Dawn ntchito ziwirizi, kupereka mphamvu ndi kutulukira kumbuyo, n'zolekana. Mphamvu imachokera ku mapanelo a dzuwa, xenon sapsa n'komwe. Maatomu ake amalandidwa maelekitironi kuti asanduke maayoni, kenako magetsi amawathamangitsa kudutsa m'zitsulo za tizibowo mpaka apyole makilomita 30 pa sekondi. Kukankhako n'kofooka ngati kulemera kwa pepala limodzi pachikhatho, koma kumapitirira miyezi ndi miyezi, moti Dawn inazungulira thanthwe la m'mlengalenga lotchedwa Vesta mu 2011, n'kuchokako kukazunguliranso lina lotchedwa Ceres mu 2015.

N'chifukwa chake xenon, pamodzi ndi krypton ndi argon za m'masetilaiti a Starlink, ziyenera kutchedwa choponyedwa, poti ntchito yake ndi imeneyo basi: kuponyedwa kumbuyo kuti chombo chipite kutsogolo. Ena adzati bwanji osangobwereka liwu la Chingerezi monga tinachitira ndi kompyuta? Kubwereka kulibe vuto pa mayina a zinthu. Ayoni akhale ayoni, wofuna kumupekera dzina akungotaya nthawi. Koma pamene pali ganizo lofunika kulimvetsa, liwu lobwereka limangolowezedwa kuti likalembedwe pamayeso, pomwe mneni woti kuponya wanena kale theka la lamulo lachitatu la Newton mphunzitsi asanayambe kulongosola. Zoti liwuli likumveka lachilendo n'zoona, komatu kompyuta nayonso inali yachilendo.

Chovuta kwenikweni n'chakuti mawu otere alibe poyesedwera. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu za m'Malawi, ndiye ngakhale a Centre for Language Studies ku Zomba atavomereza choponyedwa lero, ndi kalasi iti ya fizikisi ingalilandire? Chigamulo chatsalira mtolankhani wa pawailesi amene akumasulira nkhani mothamanga nthawi youlutsa itayandikira, ndipo iye amatola liwu limene lili pafupi, mafuta.