Ulendo wautali wa voti ya mayi wa ku Makhanga

Tsiku la chisankho ku Makhanga, m'dera la mfumu yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje, mzere wa amayi umayamba kusanache bwinobwino, poti dzuwa la kuchigwa likakwera silicheza. Wina wabereka mwana, wina wamangirira chiphaso pansonga ya chitenje, winanso watsamiritsa khasu pamtengo kuti akangovota atsikire kudimba. Potuluka, chala chili bii ndi inki. Mtsikana wa zaka 18 amene waima pamzerewo angayese kuti zakhala chonchi kuyambira makedzana, chikhalirecho agogo ake anabadwira m'dziko limene mkazi sankafunsidwa n'komwe za yemwe amulamulire. Ufulu wovota unagogoda katatu pakhomo la mayi wa kuchigwa, ndipo unalowa m'nyumba ulendo wachitatu.

Pa nthawi ya atsamunda, Nsanje ankatchedwa Port Herald. Sitima yapamtunda inayamba kudutsa pa Chiromo kupita ku Blantyre mu 1908, ndipo thonje limene inkanyamula linali thukuta la amayi ndi abambo mofanana. Pakati pa Amang'anja mkazi sanali munthu wamba: mtundu unkayenda kuchikazi, munda unali m'manja mwake, ndipo kukachisi wa Mbona ku Khulubvi udindo wa Salima unali wolemekezeka chigwa chonse. Koma boma la ku Zomba silinkaziwerengera zimenezi. Nyumba ya malamulo inakhazikitsidwa mu 1907 popanda munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Akuda oyamba analowamo mu 1949 mochita kulozedwa ndi bwanamkubwa, ndipo asanu a mu 1956, mwa iwo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, anasankhidwa ndi makhonsolo a zigawo, mmene munadzaza mafumu ndi amuna anzawo. Malamulo a malimidwe atabwera, okakamiza anthu kulima mwa njira ya boma, chindapusa chinkamugwera mayi pamunda pake, koma pakamwa poyankhulira analibe.

Maiko ena anali atapita kale patsogolo. New Zealand inalola amayi kuvota mu 1893. Ku Britain, dziko lomwe linkatilamulira, amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo anayamba kuvota mu 1918, ndipo anafanana ndi amuna mu 1928. Ku South Africa voti inaperekedwa kwa amayi achizungu okha mu 1930. Choncho mayi wakuda kuno kwathu anali ndi mipanda iwiri yoti adumphe, wa khungu ndi wa ukazi.

Amene anayamba kugwedeza mipandayo ndi amayi eniake. Rose Chibambo anasonkhanitsa amayi anzake ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pamodzi ndi Vera Chirwa ndi ena anamanga bungwe la amayi la chipani cha Nyasaland African Congress. Ankayenda m'midzi, kuyitanira misonkhano, kusonkha makobiri, kuyimba nyimbo zimene zinkanena zomwe amuna ankaopa kutchula poyera. Boma litalengeza za ngozi m'dziko pa 3 Malichi 1959 n'kuyamba kugwira atsogoleri, Mayi Chibambo anatengedwa atangochira kumene, nalowa m'ndende ku Zomba ndi khanda m'manja. Ndi nkhope yawo imene timaiona pa K200, ndalama imene imayenda m'manja mwa amayi ogulitsa nsomba ndi mbatata pamsika wa Makhanga tsiku ndi tsiku.

Kugogoda koyamba kunali pa 15 Ogasiti 1961. Chisankho cha tsiku limenelo chinali ndi kaundula wapamwamba ndi wapansi, ndipo lamulo silinatseke mkazi chifukwa choti ndi mkazi. Linamutsekera kwina. Kuti munthu alembetse ankayenera kukhala ndi ndalama kapena katundu wokwanira, kudziwa kulemba ndi kuwerenga, kapena kukhala m'magulu ngati a mafumu, asilikali akale ndi amene anakhoma msonkho zaka zambiri. M'dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni, olembetsa anangopitirira pang'ono 100,000, ndipo ambiri mwa iwo anali amuna. Kuchigwa, kumene sukulu zinali zotalikana ndipo mwana wamkazi sankatumizidwako kawirikawiri, amayi ochuluka anangovina pamisonkhano n'kuperekeza amuna awo ndi maso. Malawi Congress Party (MCP) inatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi.

Kugogoda kwachiwiri kunali mu 1964, chaka cha ufulu wodzilamulira, pamene voti inaperekedwa kwa munthu wamkulu aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira, mwamuna ndi mkazi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa chisankho cha Epulo chaka chimenecho oimira MCP onse anadutsa opanda wopikisana naye, motero panalibe woponya voti. Mu Sepitembala nduna zinasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda, ndipo Rose Chibambo, yemwe anali mayi wakuda woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo, anachotsedwa nathawira ku Zambia, kumene anakhala zaka pafupifupi 30. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Amayi anatchedwa mbumba, navala nsalu za nkhope ya Ngwazi, nanyamulidwa pamalole kukavina. Khadi la chipani linkafunsidwa pamsika ndi pokwerera basi. Kuyambira mu 1978 anthu ankatha kusankha phungu, koma pakati pa mayina amene chipani chavomereza basi. Vera Chirwa anagwidwa mu Disembala 1981 pamodzi ndi amuna awo Orton, amene anafera m'ndende ku Zomba mu 1992, ndipo Mayi Chirwa anatuluka mu Januwale 1993.

Kugogoda kwachitatu ndiko kunatsegula chitseko. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, mantha anayamba kusungunuka. Pa 14 Juni 1993 panachitika riferendamu, ndipo funso lake ankalimva ngakhale mayi amene sanapondeko m'kalasi, chifukwa linali m'zithunzi: tambala wakuda wa chipani chimodzi kapena nyali. Anthu oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali ya zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho chachikulu, ndipo amene anatsogolera bungwe loyendetsa chisankhocho anali mayi, Justice Anastasia Msosa. Malamulo aakulu a dziko amene anabwera nthawiyo analemba ufulu wa amayi m'gawo 24, ndipo anapereka voti kwa nzika iliyonse yokwanitsa zaka 18.

Dera la Nsanje North, limene Makhanga wakhala akuvotera, linaonetsa msanga kuti voti ya mayi ingathe kukweza mayi mnzake. Dera limeneli, lomwe kale linkadziwika ndi dzina la Gwanda Chakuamba, linatumiza Esther Mcheka Chilenje kunyumba ya malamulo, ndipo anasankhidwa kukhala wachiwiri woyamba kwa sipikala mu 2004 komanso mu 2014. Khoti litafafaniza zotsatira za kumeneko za 2019, anthu anavotanso mu Malichi 2021 nasankha Enock Chizuzu. Voti yeniyeni ndi imeneyo: imakweza, imatsitsanso. Dziko lonse linaona Joyce Banda akulumbira kukhala pulezidenti pa 7 Epulo 2012, ndi Catherine Gotani Hara akukhala sipikala woyamba wamkazi mu 2019. Komabe m'nyumba ya mipando 193 ya chaka chimenecho, amayi sanafike ngakhale 50, ngakhale kuti m'kaundula wa ovota amayi ndiwo amachuluka.

Ntchito yotsala ikuonekera bwino ku Makhanga kwenikweniko. Chikokolokereni njira ya pa Chiromo mu 1997, wofuna kupita ku Bangula wakhala akudalira bwato pa Mtayamoyo. Madzi osefukira a Januwale 2015 anasandutsa Makhanga chilumba, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anabwerezanso bala lomwelo. Shire ndi Ruo zikakwiya, amene amasenza ana pamutu, kuphika kumsasa ndi kuyambanso munda pamchenga ndi mayi. Ndiye kuti nkhani ya mlatho, ya chipatala cha amayi oyembekezera, ya malo okwera osamukirako ndi ya sukulu ya atsikana ndi nkhani zake, ndipo chida chake chozifunsira ndi voti.

N'chifukwa chake zimapweteka kuona voti ikusinthidwa ndi nsalu, sopo kapena kandalama ka pamsonkhano, ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa mphatso zoterezi. Rose Chibambo sanagone m'ndende ndi khanda kuti amayi azingovinira ena. Mayi wa ku Makhanga ali ndi mphamvu yomufunsa woimira aliyense kuti mlatho uli pati, yokana kuuzidwa ndi mwamuna kapena mfumu poti achonge, ndiponso yoti iye mwini aime, dzina lake lilembedwe papepala loponyera voti.