Bayogasi: moto wochokera ku ndowe ndi zinyalala zowola

Bayogasi ndi mpweya woyaka umene umatuluka pamene ndowe, zitosi, zotsala za chakudya ndi zinyalala zina zikuwola m'malo otsekeka bwino, mosalowa mpweya wa kunja. Mpweyawu umayenda m'paipi kupita kukhitchini, kumene umayaka ndi lawi la buluu lopanda utsi kapena mwaye. Zotsalira m'thanki zimatuluka zili phala, ndipo phalalo ndi manyowa. M'maiko ambiri omwe akutukuka kumene, lusoli lathandiza mabanja, sukulu ndi ndende kuchepetsa nkhuni, kusamala ukhondo komanso kubwezera chonde m'nthaka.

Mmene mpweyawu umapangikira

Ntchito yonse imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tofanana ndi tomwe timakhala m'mimba mwa ng'ombe. Gulu lina la tizilomboti limaphwanya zinyalala n'kuzisandutsa asidi, ndipo lina limadya asidiyo n'kutulutsa mpweya. Pafupifupi magawo 50 mpaka 70 pa 100 alionse a mpweyawo ndi methane, yemwe ndiye amayaka. Gawo lalikulu lotsalalo ndi carbon dioxide. Mumakhalanso hydrogen sulphide pang'ono, amene amanunkha ngati dzira lovunda, ndipo fungolo limachenjeza eni nyumba paipi ikayamba kudontha.

Tizilomboti timagwira bwino ntchito pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 35. Kukazizira, monga m'miyezi ya June ndi July, mpweya umachepa. Ichi n'chifukwa chake mathanki ambiri amamangidwa pansi pa nthaka, pamene kutentha sikusinthasintha kwambiri. Sopo wochuluka, mankhwala ophera tizilombo ndi ndowe za ziweto zomwe zangolandira mankhwala amphamvu zimatha kufooketsa tizilomboti, thanki n'kuleka kutulutsa mpweya.

Ndowe zaziwisi zimasakanizidwa ndi madzi, ndowa imodzi ya ndowe pa ndowa imodzi ya madzi, ndipo zimathiridwa tsiku ndi tsiku. Phalalo limakhala m'thanki masiku 30 mpaka 60 lisanatulukire mbali inayo. Makilogalamu 25 a ndowe za ng'ombe amapereka malita pafupifupi 1,000 a mpweya. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limafuna malita 1,500 mpaka 2,000 pa tsiku kuti liphike, kutanthauza ndowe za ng'ombe zinayi kapena zisanu. Ng'ombe zamkaka zodyera m'khola zimatulutsa ndowe zambiri, kotero ziwiri kapena zitatu zimakwanira.

Si zotsala zonse za m'munda zimene zimayenera m'thanki. Masamba a ndiwo, zipatso zowonongeka, makoko a mbatata ndi nsima yotsala zimawola msanga. Mapesi, mankhusu a mpunga ndi utuchi n'zolimba: zimayandama n'kupanga chikhakha pamwamba, chomwe chimatsekereza mpweya. Mapesi amapindula kwambiri akaphimbira nthaka kapena akalowa mu kompositi.

Mitundu ya mathanki

Mitundu yodziwika ndi itatu. Woyamba ndi wa denga lozungulira ngati mphika wovundikira, womangidwa ndi njerwa ndi simenti, umene unafala kuchokera ku China. Ulibe chitsulo chochita dzimbiri ndipo ukamangidwa bwino umatha zaka 20, koma umafuna mmisiri waluso chifukwa mng'alu waung'ono padenga umataya mpweya wonse. Wachiwiri ndi wa ku India, wokhala ndi mgolo wachitsulo woyandama paphala, umene umakwera mpweya ukachuluka n'kutsika ukamagwiritsidwa ntchito. Mwini wake amadziwa mpweya wotsala pongoyang'ana mgolowo, koma chitsulocho chimafuna penti kawirikawiri. Wachitatu ndi chithumba chachitali cha pulasitiki chogonekedwa m'ngalande. N'chotsika mtengo ndiponso chosavuta kuika, ngakhale chimabowoka ndi kuwonongeka ndi dzuwa ngati sichitetezedwa.

Kumene lusoli lakhazikika

Ku India mpweyawu umatchedwa gobar gas, poti gobar ndi ndowe za ng'ombe m'chilankhulo cha Hindi. Boma la dzikolo linakhazikitsa ndondomeko yofalitsa bayogasi m'midzi mu 1981, ndipo mu 1984 kunatuluka mtundu wotchipirapo wa thanki wotchedwa Deenbandhu. Dziko la China linalimbikitsa lusoli kwambiri m'zaka za m'ma 1970, makamaka m'chigawo cha Sichuan, ndipo pofika zaka za m'ma 2010 linali ndi mathanki a m'makomo pafupifupi 40 miliyoni.

Chitsanzo chimene akatswiri amachitchula kawirikawiri ndi Nepal. Ndondomeko ya kumeneko inayamba mu 1992 mothandizidwa ndi bungwe la SNV la ku Netherlands, ndipo mathanki omangidwa anaposa 300,000. Chinsinsi chake sichinali kugawa mathanki aulere. Boma linkalipirako gawo la mtengo, mlimi n'kuwonjezera gawo lake, nthawi zambiri kudzera pa ngongole. Makampani omanga ankayenera kutsata muyeso umodzi, kupereka chitsimikizo cha ntchito yawo ndi kubwerera kudzakonza zowonongeka, ndipo oyendera ankafufuza ngati mathankiwo akugwiradi ntchito.

Mu Africa muno, Rwanda inatchuka ndi bayogasi wa m'ndende. Pambuyo pa kuphedwa kwa anthu ochuluka mu 1994, ndende za dzikolo zinadzaza kopitirira muyeso. Zimbudzi zinkasefukira n'kuipitsa madzi, pomwe kuphikira akaidi kunkamaliza nkhalango. Sukulu ya ukachenjede ya KIST ku Kigali inamanga mathanki akuluakulu olandira zonyansa za m'zimbudzi, kuyambira pa ndende ya Cyangugu. Nkhuni zofunika zinatsika ndi pafupifupi theka, ndipo ntchitoyo inapata mphoto ya Ashden mu 2005. Kuyambira mu 2009, mabungwe a Hivos ndi SNV anatsogoleranso ndondomeko yomanga mathanki a m'makomo ku Kenya, Tanzania, Uganda, Ethiopia ndi Burkina Faso.

Phindu lake

Phindu loyamba ndi la umoyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse, ndipo amayi ndi ana, omwe amakhalitsa pamoto, ndiwo amaupuma kwambiri. Lachiwiri ndi manyowa. Nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu wa m'ndowe sapita ndi mpweya koma amatsalira m'phala, ali wosavuta kuti mbewu zimuyamwe. Njere zambiri za udzu zimafera m'thanki. Komabe mazira ena a njoka za m'mimba amapulumuka, choncho phala lochokera m'zimbudzi za anthu liyenera kuyamba lasungidwa kapena kupangidwa kompositi, ndipo lisathiridwe pa ndiwo zodya zosaphika. Lachitatu likukhudza nyengo: methane wotuluka pa milu ya ndowe ndi kumtaya amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 28 poyerekeza ndi carbon dioxide pa zaka 100, ndipo kumuyatsa kumachepetsa vutolo.

Zopinga

Mathanki ambiri m'maiko osiyanasiyana anasiyidwa atangogwira ntchito zaka zochepa. Zifukwa zake zimafanana: kusowa kwa madzi m'chilimwe, kugulitsa ziweto pa nthawi ya njala, ming'alu yobwera ndi umisiri wosalongosoka, ndi kusowa wokonza pamene bungwe lomwe linamanga lachoka. Ng'ombe zodyera kudambo zimamwaza ndowe kutchire, moti zotoleka ndi za usiku zokha. Mtengo woyambira nawonso ndi waukulu kwa mlimi wamng'ono, ndipo anthu ena amanyansidwa ndi chakudya chophikidwa ndi mpweya wa m'chimbudzi, ngakhale kuti lawi lake silisiyana ndi lina.

Mwayi wake ku Malawi

Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amathera m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Popeza mabanja oweta ng'ombe ndi ochepa, bayogasi sangalowe m'malo mwa mbaula pakhomo lililonse. Malo amene amamuyenera ndi omwe zinyalala zowola zimaunjikana tsiku ndi tsiku ndipo madzi ali pafupi: makola a ng'ombe zamkaka a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, makola a nkhumba ndi nkhuku ozungulira mizinda, malo ophera ziweto, sukulu zogonera komweko, zipatala, ndende, ndi misika ya ndiwo ngati wa Tsangano ku Ntcheu. M'mizinda, gawo lalikulu la zinyalala zopita kumtaya wa Mzedi ku Blantyre ndi wa Area 38 ku Lilongwe ndi zowola. Kuti zigwiritsidwe ntchito, ziyenera kulekanitsidwa ndi mapulasitiki, magalasi ndi mabatire pamsika kapena pakhomo pomwepo, chifukwa zikasakanikirana m'galimoto yotaya zinyalala sizithekanso kulowa m'thanki.