Kulunzanitsa zithunzi za pakompyuta ndi zinthu zenizeni

Luso la augmented reality ndi njira yoonetsera zithunzi zopangidwa ndi kompyuta pamwamba pa zinthu zenizeni zimene munthu akuona, kudzera m'magalasi apadera kapena pafoni ya m'manja. Phindu la lusoli lagona pakuti chithunzi chikhazikike pamalo ake, osasuntha ngakhale munthu atatembenuza mutu.

Kuti izi zitheke, chipangizocho chiyenera kudziwa nthawi zonse pamene chili ndi kumene chaloza. Mu 1968, Ivan Sutherland wa ku America ankayeza kayendedwe ka mutu ndi mkono wachitsulo wolendewera kudenga. Mu 1999, Hirokazu Kato wa ku Japan anatulutsa pulogalamu ya ARToolKit, imene inkadalira zizindikiro zakuda zangodya zinayi zosindikizidwa papepala. Mafoni amakono safunanso zizindikirozi. Kamera imatsatira ngodya za mipando ndi mizere ya pakhoma, pamene tizipangizo ta m'kati timamva kutembenuka kwa foniyo. Umu ndi mmene ARKit ya Apple ya mu 2017 ndi ARCore ya Google ya mu 2018 zimagwirira ntchito.

Kusalunzana kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina kumaoneka munthu ataima chilili, ndipo kumadza pamene magalasi kapena kamera sizinatcheredwe bwino. Kwina, kumene ndi kovuta zedi, kumadza chifukwa cha kuchedwa. Kompyuta imafuna kanthawi kuti iyeze, iwerengere ndi kujambula, ndipo pofika pamene chithunzi chikuoneka, mutu umakhala utasuntha kale. Mu 1997, katswiri wina, Ronald Azuma, anapereka chitsanzo chakuti mutu ukamatembenuka madigiri 50 pa sekondi, kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi kumasokoneza chithunzi ndi madigiri 5. Pa chinthu chimene chili pofikira dzanja, kuphonyaku kumakwana pafupifupi mamilimita 60. N'chifukwa chake zipangizo zamakono zimalosera kumene mutu ukulowera, n'kujambuliratu chithunzi cha pamenepo.

Pamasewero a pafoni, chithunzi chikaphonya pang'ono palibe amene amavulala. Kuchipatala nkhani ndi ina. Mu 2020, madokotala a ku Johns Hopkins ku America anachita opaleshoni ya msana atavala magalasi oonetsa mafupa a wodwala pathupi lake lomwelo. Pafupi ndi mitsempha ya msana, kuphonya ndi mamilimita ochepa chabe kungathe kupundula munthu.