Nyanja ya Chilwa: zoyenera kudziwa musanapite kukaona mbalame

Ambiri a ife kuno ku Zomba timaidziwa Chilwa chifukwa cha matemba basi. Inenso ndinali choncho mpaka tsiku lomwe ndinalawirira ku Kachulu, doko lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Nazi zomwe ndinaona, komanso zomwe ndikanakonda wina atandiuza ndisananyamuke.

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno. Yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kum'mawa kwake ndi malire a Mozambique. Mitsinje ngati Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono. Ndi yosaya kwambiri moti mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018.

Mbalame sizikhala pakati pa nyanja ayi. Zimakonda dambo lalikulu la njedza lozungulira nyanjayi, komwe zimabisala ndi kuswana. Mitundu yoposa 150 inalembedwapo kuno, ndipo ina imabwera nthawi ya dzinja kuthawa chisanu ku Ulaya ndi ku Asia. Ndi mbalamezi zomwe zinapangitsa kuti Chilwa akhale malo oyamba m'dziko muno kulowa pa mndandanda wa Ramsar, pangano la maiko loteteza madambo lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971. Elephant Marsh ya ku Chigwa cha Shire inatsatira mu 2017.

Ine maina achingerezi sindikuwadziwa bwino, koma bambo amene ankapalasa bwato lathu ankangoloza n'kutchula: uyo kakowa, awo atsekwe, gulu ilo ndi achipiyo, kaja kakuthamangira m'njedzako ndi nadititi. Nkhwazi tinangoimva kulira. Foni yanga inajambula timadontho tokhatokha, ndiye ngati mukufuna zoika pa Facebook bwerekani kamera yeniyeni.

Koma musayembekezere zangati ku Liwonde. Kulibe mpanda, kulibe geti. Anthu amakhala momwemo, amalima mpunga, amapha makumba ndi milamba, ndipo asodzi ena amagona m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi. Mbalame zomwe inu mwapitira kukajambula, kwa ena ndi ndiwo ndi ndalama. Nsomba zikasowa, makamaka nyanja ikaphwa, anthu ambiri amatembenukira kumisampha ndi mfuti. Pofuna kuchepetsa vutoli, alenje a mbalame anapanga makalabu omwe anapatula malo ena oswanirana kuti asamasakidwe. Kunena zoona, munthu wanjala kumuuza kuti asiye nadititi n'kovuta, komabe ndinaona kuti mbalame zootcha zimene timagula m'misika mosafunsa zija, ifenso a m'tauni tili m'nkhaniyi.

Za ulendo: fikani mbandakucha, dzuwa likakwera mbalame zimalowa m'njedza. Mtengo wa bwato gwirizanani musanakwere, ndipo ngati mukuwolokera ku chilumba cha Chisi funsani za majekete oyandamitsa, chifukwa mphepo ikayamba nyanja yosayayi imavunduka msanga. Nyamulani madzi akumwa anu, a m'nyanjamo musayerekeze, kolera anavutapo kangapo kumeneko. Nthawi ya mvula msewu umaterera, ine nsapato zanga zoyera zinathera komweko.